Nkhope yakuda, malaya oyera: luso la wotsuka zithunzi m'chipinda chamdima

M'masutikesi akale a ku Milange, ngakhalenso kutsidya kwa mtsinje wa Muloza ku Mulanje, mumapezeka chithunzi cha mtundu umodzi chimene ambiri tinachionapo. Mayi wavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, waima panja dzuwa lili paliwombo, kumbuyo kwake kuli phiri. Bulauziyo yangoti mbee, ilibe khwinya, ilibe batani, ulusi umene telala anasokera suoneka. Nkhope nayo yangoti bii, maso ndi mano okha ndiwo akudziwika, ndipo phiri la Tumbine, limene aliyense wa m'tauniyo amaliona akangotuluka pakhomo, lasungunukira m'thambo. Achibale akamapatsirana chithunzicho amati makamera akale anali otero, ena amati wojambulayo anali wophunzira kumene, ndipo ena amafika ponena mwachisoni kuti khungu lakuda silijambulika bwino. Maganizo atatu onsewa ndi olakwika, makamaka lachitatulo. Nthawi zambiri filimu inagwira zonse: makwinya a bulauzi, masaya a mayiyo ndi mitengo ya m'phiri. Zinatayikira papepala, pa nthawi yotsuka. Otsuka zithunzi aluso ali ndi njira ziwiri zobwezera zimene pepala limafuna kutaya. Yoyamba Angerezi amaitcha flashing, yomwe m'nkhani ino tiitcha kulawitsa pepala kuwala, ndipo yachiwiri amaitcha split-grade, kutanthauza kugawa magiredi pawiri. Pali anthu amene amaona njira zimenezi ngati kukometsa kapena kunamiza. Ine ndikuti chithunzi chotsukidwa mwa njira zimenezi, wotsukayo akakhala woona mtima, chimanena zoona kuposa chimene changotulutsidwa mwachangu popanda dzanja la munthu kulowererapo.

Kuti tione pamene zinthu zimatayikira, tiyambe ndi negativu, kafilimu kaja kamene ojambula ankabweza mu envelopu pamodzi ndi zithunzi. Pa negativu zonse n'zotembenuka. Pamene panali powala kwambiri, monga pa bulauzi, siliva amaunjikana mpaka pamada ndi kukhuthala. Pamene panali mdima, monga pankhope ya munthu amene wafulatira dzuwa, pamatsala poonekera ngati galasi. Wotsuka amaika negativuyo m'makina okulitsira, amene m'Chingerezi amati enlarger ndipo m'Chipwitikizi amati ampliador, n'kuyatsa getsi kuti kuwala kudutse pa negativu kukagwere papepala limene lagonekedwa pansi. Pepalalo n'lopakidwa tinjere ta siliva wosakanikirana ndi bromide ndi chloride, ndipo paliponse pamene kuwala kwagwa pamada pepalalo likaviikidwa m'mankhwala otsukira. Choncho pansi pa bulauzi pamadutsa kuwala kochepetsetsa, pamene pansi pa nkhope pamadutsa kochuluka. Vuto lagona pa kukula kwa kusiyanako. Panja padzuwa, malo owala amatha kuposa malo amthunzi kuwirikiza ka 1,000, ndipo filimu yabwino ya zithunzi zakuda ndi zoyera imasunga zonsezo, ngakhale imazipanikiza mpaka 1,000 uja kutsika kufika pafupifupi 60. Koma pepala la giredi 2, limene ankaliyesa lapakatikati pa muyezo wa kufewa ndi ukali wa mapepala, limachoka poyera kufika pakuda bii kuwala kukangowirikiza pafupifupi ka 12. Zonse zimene zili kunja kwa malire amenewa zimagwera kumodzi, kaya poyera popanda kanthu, kaya pakuda popanda kanthu. Ndiye wotsuka amakhala pamphambano: akapatsa pepala kuwala kokwanira kuti bulauzi ioneke, nkhope imamira, akachepetsa kuti nkhope ituluke, bulauzi ndi phiri zimapita. Wotsuka wa situdiyo amene akudikiridwa ndi makasitomala ambiri amasankha pakati, n'kutaya mbali zonse ziwiri.

Dera la Milange limaonetsa vutoli poyera chifukwa kuwala kwake n'kwa mitundu iwiri yotsutsana. Tauniyo ili patsinde pa Tumbine. Chakumpoto kumadzulo kuli phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo chakum'mwera, m'boma lomweli la Milange, kuli phiri la Chiperone, kumene kunachokera dzina la chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene imakuta Mulanje, Thyolo ndi Blantyre m'miyezi yozizira. Nkhungu imeneyi ndi kuyera kosanjikizana pa kuyera kunzake. Diso la munthu limaona mzere wa phiri ukutuluka ndi kubisala, limaona mitengo yakutali ngati utsi, koma pa negativu zonsezi zimakhala pamalo okhuthala kwambiri, pamene kuwala kumavutika kudutsa, ndipo pepala limangoziyesa thambo lopanda kanthu. Ikafika Okutobala zinthu zimatembenuka: dzuwa limaswa mtengo, mithunzi imafupika ndi kuda, chipewa chimaphimba maso, khonde la sitolo limasanduka phanga. Tsono onjezanipo chizolowezi chathu chovala zoyera pa masiku amene timafuna kujambulidwa. Diresi laukwati, yunifolomu ya amayi a mumpingo, mkanjo wa pa Idi, malaya a mwana pa tsiku la ubatizo, zonsezi n'zoyera, ndipo zimayandikana ndi khungu lakuda. Ngakhale kachithunzi ka pachiphaso, kaya ndi bilhete de identidade kaya ndi pasipoti, kamafuna nkhope itsogole nsalu yowala kumbuyo. Pepala limalephera pa zinthu zomwezo zimene anthu a kuno amazilemekeza kwambiri.

Kulawitsa pepala kumachokera pa khalidwe limodzi la tinjere ta siliva tija: sitidzuka ndi kuwala kulikonse. Mu 1938 akatswiri awiri a ku Bristol, R. W. Gurney ndi N. F. Mott, anafotokoza mmene kuwala kumasonkhanitsira maatomu a siliva pa kanjere kamodzi, ndipo kafukufuku wapambuyo pake anaonetsa kuti pamafunika maatomu pafupifupi 4 pamalo amodzi kuti mankhwala otsukira akazindikire kanjereko n'kukadetsa. Kuwala kukapereweza, pepala limatuluka loyera ngati silinaonepo getsi. Aliyense amene anaonapo njinga yosenza matumba a chimanga pa msewu wopita kuchipata cha Muloza amvetsa msanga. Njinga yolemedwa ikaima pachitunda, mwana akaikankha yekha sisuntha ngakhale phazi limodzi, ndipo mphamvu yake imangopita pachabe. Koma mwini njinga akayamba waitsamira ndi mphamvu yotsala pang'ono kuisuntha, kadzanja ka mwana komweko kamakwanira, njinga n'kuyenda. Wotsuka amachita zomwezo. Asanaike chithunzi, amachotsa negativu n'kuwalitsa pepala lonse ndi kuwala kochepa kwambiri, kosakwanira kulidetsa, kongolifikitsa pakhomo. Tiyerekeze kuti pepala limafuna miyezo 10 ya kuwala kuti liyambe kutuwa, ndi miyezo 120 kuti lide bii. Makwinya a bulauzi akudutsitsa miyezo 4, 5 ndi 6, choncho onse atayika. Pepala likalawitsidwa miyezo 8, makwinyawo amakhala 12, 13 ndi 14, ndipo onse atuluka. Nanga kumthunzi? Pamene pamagwa miyezo 100 pagwa 108, kusiyana kumene diso silingakuone. Apa ndi pamene pagona ubwino wa njirayi: kuwala kochepa komweko kumasintha kwambiri malo oyera koma sikukhudza malo akuda, ndipo kumachita zimenezi popanda kujambula mzere uliwonse umene sunali pa negativu, popeza kumagwa mofanana papepala ponse.

Kupeza muyezo woyenera kumafuna kudekha basi. Wotsuka amakweza mutu wa makina okulitsira, amachepetsa bowo la lenzi mpaka pomaliza, n'kudula kachidutswa ka pepala. Mbali imodzi ya kachidutswako amaiphimba nthawi yonse kuti ikhale pofanizira, ndipo mbali inayo amaiwalitsa sekondi imodzi imodzi, akusuntha katoni pang'onopang'ono. Akatsuka ndi kuumitsa, amafufuza gawo loyamba limene layamba kutuwa, n'kusankha gawo limene lili kumbuyo kwake. Kuumitsako n'kofunika, chifukwa pepala lonyowa limaoneka loyera kuposa mmene lidzakhalire likauma, ndipo ambiri amapusitsidwa pomwepa. Kutentha nako kumalowererapo. Mankhwala otsukira anapangidwira madigiri 20, ndipo m'nyumba yamalata mwezi wa Okutobala amathamanga, choncho n'kwanzeru kukhazika thireyi m'beseni la madzi ozizira kuti muyezo wa m'mawa ukhalebe womwewo masana. Nyale yofiira ya m'chipindamo ikakhala yowala mopitirira, kapena ikayandikira kwambiri, imalawitsa pepala mwini wake osadziwa, ndipo akawonjezapo kulawitsa kwake zoyera zonse zimachita litsiro. Tisabisenso kuti njirayi ili ndi mtengo wake. Mu chitsanzo chija, 6 amaposa 4 ndi theka lathunthu, pamene 14 amaposa 12 pang'ono chabe. Makwinya aoneka, inde, koma aoneka mofatsa, ndipo wolawitsa mopyola amapeza bulauzi yofanana ndi nsalu imene yachapidwa m'madzi amatope. N'chifukwa chake aluso amalawitsa mbali yokhayo imene ikufunika, monga thambo ndi nkhungu ya m'phiri, ataphimba mbali ya pansi ndi katoni imene akuigwedeza kuti pasakhale mzere.

Njira yachiwiri inatheka chifukwa cha pepala la mtundu watsopano. Kale wotsuka ankasunga mabokosi angapo, lililonse la giredi yake, ndipo chithunzi chimodzi chinkatuluka pa giredi imodzi basi. Mu 1940 kampani ya Ilford ku England inatulutsa pepala lotchedwa Multigrade, ndipo chapanthawi yomweyo kampani ya Defender ku America inatulutsa lake lotchedwa Varigam. Pepala lotere lili ndi tinjere tosakaniza: tonse timamva kuwala kwa buluu, koma timasiyana pa kamvedwe ka kuwala kobiriwira. Likawalitsidwa ndi buluu, tinjere tonse timadzuka nthawi imodzi ndipo chithunzi chimatuluka chaukali, chakuda kwambiri ndi choyera kwambiri. Likawalitsidwa ndi kobiriwira, timadzuka motsatizana ndipo chithunzi chimatuluka chofewa, chodzaza ndi kutuwa kwa mitundumitundu. Wotsuka amasankha mtundu wa kuwala ndi fyuluta: yachikasu imatchinga buluu n'kufewetsa, pamene ya magenta, yofiirira mopita ku pinki, imatchinga kobiriwira n'kulimbitsa. Mafyuluta a Ilford alipo 12, kuyambira 00 mpaka 5. Pa 00 pepala limalandira kusiyana kwa pafupifupi 60, pamene pa 5 limachoka poyera kufika pakuda kuwala kukangowirikiza katatu, mwinanso osakwana. Wina angati, ndiye bwanji osangotenga 00, popeza negativu ija inali ya 60? Yankho limaoneka pathireyi: zonse zimatuluka, koma nkhope imakhala yosalala ngati yopakidwa phulusa, yopanda kunyezimira kwa pamphumi ndi pamasaya kumene kumapatsa khungu lakuda moyo wake. Kugawa magiredi kuli ngati kuphika nsima. Mayi sathira ufa wonse nthawi imodzi. Amayamba ndi phala, kenako amathira ufa wolimbitsa n'kuvundula mpaka nsima igwirane. Wotsukanso amayamba ndi fyuluta yofewa, kufufuza masekondi amene malo oyera amayamba kuonetsa ulusi wake. Akawapeza amawalitsa kachidutswa kena ndi masekondi amenewo, n'kusintha fyuluta mosamala kuti makina asagwedezeke, kenako amawonjezera kuwala kwa fyuluta 5 pang'onopang'ono mpaka malo akuda atakhwima. Pepala limodzi lalandira kuwala kawiri, koyamba kosamalira zoyera, kachiwiri kosamalira zakuda.

Apa pali chitsutso chochokera kwa akatswiri eni ake, ndipo n'chomveka. Iwo amati pepala silidziwa kuti kuwala kwabwera kawiri. Limangowerengera kuchuluka kwa buluu ndi kobiriwira kumene lalandira. Choncho masekondi akutiakuti pa 00 kuphatikiza masekondi akutiakuti pa 5 amabala chithunzi chomwecho chimene fyuluta ina yapakati ikanabala ulendo umodzi. Zimenezi n'zoona, ndipo amene amanena kuti kugawa magiredi pakokha kumatulutsa kutuwa kwachilendo kumene fyuluta imodzi singatulutse akulakwitsa. Koma chitsutsochi chikunena za wotsuka amene manja ake ali m'thumba. Phindu lenileni limabwera manja akalowa pakati pa lenzi ndi pepala. Otsuka onse amadziwa kutchinga, ndiko kuika kakatoni ka pawaya pamwamba pa malo ena kuti alandire kuwala kochepa, ndi kuwotcha, ndiko kuwonjezera kuwala pamalo amodzi kudzera pabowo la katoni. Ndi fyuluta imodzi, kutchinga nkhope kumangoiyeretsa yonse, n'kuisiya yotuwa, ndipo kuwotcha thambo kumadetsanso nsonga ya phiri ndi mutu wa munthu, n'kusiya mkombero wakuda umene aliyense amauzindikira. Ndi magiredi ogawa, wotsuka amasankha nthawi yotchingira. Akatchinga nkhope pa nthawi ya fyuluta yofewa, amachotsa kutuwa kumene kumaphimba kunyezimira kwa khungu, koma nsidze, tsitsi ndi mizere ya m'mbali mwa mphuno zimakhalabe zakuda monga zilili. Akaitchinga pa nthawi ya fyuluta yaukali, amatsegula mthunzi wa pansi pa chipewa kuti maso aoneke. Akawotcha thambo ndi 00, nkhungu ya chiperoni imatuluka pomwe mitengo imene yatulukira m'thambomo sisintha kwenikweni, popeza kuwala kofewa kumagwira ntchito yaikulu pamalo oyera. Potero bulauzi ikhoza kukhala pa giredi yotsika, nkhope pa giredi yokwera, phiri pa ina, zonse papepala limodzi. Fyuluta imodzi singachite zimenezi.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyambachi, chifukwa chikukhudza chikhulupiriro. Anthu amati chithunzi ndi mboni, ndipo mboni imene yaphunzitsidwa zonena si mboninso. Ngati wotsuka angayeretse apa n'kudetsa apo, tidziwa bwanji kuti zimene tikuona ndi zimene zinalipo? Mantha amenewa ali ndi maziko. W. Eugene Smith, wojambula wotchuka wa magazini ya Life, pa chithunzi chake cha maliro a m'mudzi wina ku Spain chimene chinasindikizidwa mu 1951, anasintha m'chipinda chamdima kumene maso a olira ena ankayang'ana. Mu 2015 oweruza mpikisano wa World Press Photo anachotsa zithunzi 20 pa 100 zilizonse zimene zinafika chakumapeto, chifukwa eni ake anachotsamo kapena kuwonjezeramo zinthu, ndipo ena anadetsa malo ena mpaka zimene zinali pamenepo kuzimiririka. Kuwotcha kukhoza kunama, ndipo palibe chifukwa chokanira. Koma chitsutsochi chikuganiza kuti pali chithunzi china chosakhudzidwa, chotuluka chokha, chimene ndicho choona. Chithunzi chotero kulibe. Wina anasankha pepala, wina anasankha giredi, wina anawerenga masekondi, ndipo pamene munthu sanasankhe, anasankhiratu ndi amene anapanga pepalalo kufakitale. Mayi uja anali ndi nkhope pa tsiku limene anajambulidwa, bulauzi yake inali ndi mabatani, ndipo Tumbine anali pamalo pake. Chithunzi chimene chafafaniza zitatu zonsezi ndicho chasintha umboni, ngakhale palibe dzanja limene linagwedezeka pansi pa lenzi. Malire ake ndi osavuta kuwatchula: chimene wotsuka akutulutsa chikhale chimene chili pa negativu, ndipo asabise chimene chilipo. Kulawitsa pepala ndi kugawa magiredi sizingalenge batani limene filimu sinagwire. Negativu ikakhala yopanda kanthu pamalo ena, njira zonse ziwiri zimangobala kutuwa kopanda kanthu.

Mozambique ili ndi mboni yake pa nkhaniyi. Ricardo Rangel, amene anabadwira ku Lourenço Marques mu 1924, anayamba ntchito mu 1941 ngati wophunzira m'chipinda chotsukira zithunzi, ndipo anakhala zaka pafupifupi 10 akutsuka zithunzi za anthu ena asanalembedwe ntchito yojambula pa nyuzipepala ya Notícias da Tarde mu 1952, woyamba wosakhala mzungu kupatsidwa ntchito yotero m'dzikomo. Mu 1970 anali mmodzi mwa amene anayambitsa magazini ya Tempo, kumene anagwira ntchito ndi Kok Nam, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatsogolera sukulu yophunzitsa ojambula ku Maputo, Centro de Formação Fotográfica, imene anaiyendetsa mpaka imfa yake mu 2009. Chimodzi mwa zithunzi zake zodziwika kwambiri ndi cha mnyamata woweta ng'ombe amene bwana wake wachitsamunda anamuwotcha pamphumi ndi chitsulo chodindira ng'ombe. Umboni wonse wa chithunzi chimenecho uli pa chipsera chimene chili pakhungu lakuda. Chikanatsukidwa ngati zithunzi za m'sutikesi zija, mphumi ikanamira, chipsera n'kumira nayo, ndipo nkhanza ija ikanakhala mphekesera chabe. Pamenepa luso la wotsuka ndi chilungamo cha mtolankhani ndi chinthu chimodzi. Tikumbukirenso kuti makampani a zithunzi kwa nthawi yaitali sankayesera zipangizo zawo pa khungu ngati lathu. Kuyambira zaka za m'ma 1950, Kodak inkatumiza ku malabu a zithunzi zamitundu makadi oyesera makina otchedwa Shirley, okhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makadi oonetsa anthu a makungu osiyanasiyana anadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Lorna Roth wa ku yunivesite ya Concordia ku Montreal analemba za mbiri imeneyi mu 2009. Mu 2021 Google inalengeza njira yotchedwa Real Tone pa mafoni ake a Pixel 6, pofuna kuti kamera izijambula bwino khungu lakuda. Kampani sikonza chinthu chimene sichinali cholakwika. Amene ankati khungu lathu ndilo lovuta ankaimba mlandu khungu pa kulephera kwa zipangizo.

Chitsutso chomaliza ndi cha m'thumba, ndipo kwa munthu wa ku Milange ndicho chimayamba kubwera m'mutu. Luso limeneli, iwo amati, linapita ndi nthawi yake. Kodak inasiya kupanga pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera mu 2005, masitudiyo anasamukira ku kompyuta, ndipo foni ya m'manja imajambula kangapo m'kuphethira kwa diso n'kuphatikiza zithunzizo kuti thambo ndi nkhope zionekere limodzi. Pepala ndi mankhwala ziyenera kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo zimafuna madzi aukhondo ndi magetsi osasinthasintha mphamvu. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe amene angauze wojambula wa pamsika kuti ataye foni agule thireyi. Komabe pepalalo silinafe: Ilford ikupangabe ku Mobberley ku England, ndipo inatulutsa Multigrade watsopano mu 2019, pamene Foma ikupanga lake ku Hradec Králové m'dziko la Czech. Nzeru zake nazo zinasamukira pa kompyuta ndi mayina omwewo, moti zida za dodge ndi burn za mu Photoshop ndi kutchinga ndi kuwotcha komwe kuja, ndipo mnyamata amene wamvetsa chifukwa chake zoyera ndi zakuda zimasamalidwa padera adzakonza bwino chithunzi cha ukwati kuposa amene amangodina batani. Koma yankho lalikulu lili m'mbiri ya bomali. Asilikali a Renamo analanda tauni ya Milange mu Seputembala 1986, ndipo asilikali a boma anailandanso mu Juni 1988, itasanduka bwinja. Anthu anawoloka malire ndi zimene akanatha kusenza pamutu, ndipo pofika nthawi ya mgwirizano wa mtendere umene unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Malawi anali atasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Mu Januwale 1998 napolo wochokera ku Tumbine anakokolola nyumba ndi anthu patsinde pa phirilo. Zithunzi za Milange wakale, wa minda ya tiyi ndi wa makolo amene sanabwerere kuchokera kumisasa, zimene zinapulumuka pa zonsezi n'zochepa, ndipo foni singabwerere m'mbuyo kukazijambulanso. Pamene negativu yatsala, nkhope imene inamira papepala la zaka 50 zapitazo ikadalipo pafilimupo, ndipo ikhoza kutuluka lero, kaya pansi pa makina okulitsira, kaya pa sikana m'manja mwa munthu wodziwa chimene akufunafuna.

Tsono inu amene muli ndi envelopu yakale yokhala ndi timafilimu tooneka ngati topanda ntchito, musatitaye ndipo musapatse ana kuti aziseweretsa. Tigwireni m'mbali mokha, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka. Tichotseni m'jumbo, mmene chinyezi cha nyengo ya chiperoni chimaunjikana n'kubala chuku chimene chimadya filimu, mutiike m'mapepala oyera ouma, kachidutswa kalikonse pakokha, kutali ndi denga lamalata ndi utsi wa kukhitchini. Manegativu ofiirira a zithunzi zamitundu amatsukidwa mwa njira ina, koma nawonso asungeni chimodzimodzi. Pa envelopu lembanipo ndi pensulo dzina la munthu amene ali pachithunzipo, mudzi wake ndi chaka, ndipo ngati simukudziwa, kafunseni agogo akadali moyo.